Pepala la Fodya la a Mulipa

Ine ndine kalipentala, ndipo akalipentala tili ndi matenda amodzi: chinthu chikakana kulowa, timachimenya. Matenda amenewa anatsala pang'ono kundiphera mwana m'chaka cha njala ya fote naini. Nthawi imeneyo ndinkakhoma mabokosi a tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Ndinali ndi mkazi, Elube, ndi mwana mmodzi yekha, Esinati, wa zaka zinayi. Amene anandichiza matendawo, ngakhale sanathe onse, anali a Mulipa, fitala wamkulu wokonza makina m'fakitale.

Novembala

Mvula ya chaka chapitacho inali itatinamiza. Inagwa kawiri, tinabzala, kenako inapita osatsanzika, chimanga n'kuuma chili m'mawondo. Pofika Novembala wotsatira nkhokwe zinali mbee, makoswe atasamuka. Tsono mvula inabwera yabwino, ngati ikupepesa. Tinabzala kamunda kathu kuseri kwa malaini, nyumba za ife antchito, Elube akuwerenga njere ziwiriziwiri pa phando. Ena analibe chobzala chifukwa mbewu anali atakazinga.

Tiyi ndiye anasangalala. Mapiri onse anabiriwira, amayi n'kumathyola masamba m'mimba muli pululu. Pamsika wa ku Khonjeni mbale ya chimanga imene kale tinkagula ndi kobiri inafika pa sikisi, makobiri asanu ndi limodzi, ndipo mbaleyo inkachepa sabata ndi sabata. Ife a pa esiteti chimene chinkatigwira chinali phoso, ufa umene tinkalandira Loweruka lililonse titaonetsa tikiti ya ntchito.

A Mulipa anali munthu wamfupi, wa imvi m'mbali, wochokera kwa Apwitikizi. Ali mnyamata anagwirapo ntchito m'sitima za pamadzi ku Zambezi. Ankakhala okha m'nyumba yomalizira pa laini yathu, opanda mkazi, opanda mwana. Fodya sankasuta, koma m'thumba mwa malaya simunkasowa kachitini ka mapepala opichirira fodya. Makina akaima m'fakitale, azungu akuthamangathamanga, iwo ankafika pang'onopang'ono, n'kugwira chitsulo ndi dzanja, n'kungoti, "Sichinagwirizane." Ine ndinkawaona ngati munthu wochedwa dala kuti anthu amuone.

Disembala

Phoso analidula pakati. Sabata yomweyo apongozi anga anafika kuchokera kwa Changata, mapazi atatupa, atanyamula mphasa yokha. Ufa wa munthu mmodzi tinkadya anthu anayi. Elube anayamba kukumba zitsa za nthochi, kuziyanika ndi kuzisinja, kuti ufa uchuluke. Zinkadzaza mimba koma mphamvu munalibe.

Aliyense anachita zimene mutu wake unamuuza. Oyandikana nafe anagulitsa chitseko ndi mbale zonse. A Sitivini, amene tinkakhoma nawo mabokosi, anauza akazi awo kuti akukafuna chinangwa kutsidya kwa Ruo, ndipo mpaka lero akufunabe. Mphekesera ndiye sizinkasowa: mawa kubwera sitima yodzaza chimanga, mawa azungu achotsa onse okhala ndi achibale m'malaini. Choona chinali chakuti mlatho wa njanji ku Chiromo unali utakokoloka kale, ndipo katundu yense wochokera kumunsi ankadikira pamzere kuti awoloke Shire.

Esinati anasiya kusewera. Tsitsi linafiira, masaya anatupa, manja n'kutsala timitengo. Chimene chinandiopsa kwambiri n'chakuti anasiya kulira. Ndikamunyamula pobwera ku ntchito ndinkamva ngati ndanyamula bokosi la tiyi lopanda kanthu.

Januwale

Mzungu woyang'anira fakitale tinkamutcha Fulumira, chifukwa ndi mawu okhawo achinyanja amene ankawatchula bwino. Tsiku lina anatiitana, ine ndi a Mulipa. Anati esiteti yagula chimanga kwa Apwitikizi, chili pa doko lina kumunsi kwa Shire, ulendo wa tsiku limodzi pamadzi kuchokera ku Chiromo. Ku Chiromoko kunali boti la injini limene mwini esiteti ankasakira abakha, ndipo linali litakhala pamtunda zaka zitatu. Ine ndikamate matabwa, a Mulipa akabwezere injini, tikatenge chimanga.

"Masiku atatu," anatero Fulumira, atakweza zala.

"Masabata awiri, bwana," anayankha a Mulipa.

"Atatu!"

Ine ndinakhulupirira mzungu, osati chifukwa anali mzungu, koma chifukwa zake ndi zimene mtima wanga unkafuna kumva.

Lamulo la kwa kalaliki linali lakuti wopita pa ulendo asankhe: atengeretu phoso lake, kapena asiye tikiti kunyumba. Ine ndinasiyira Elube tikiti, n'kutapa ufa wa masiku anayi. A Mulipa anafika pa siteshoni ya Khonjeni ndi thumba lolemera lomanga ndi chingwe pakamwa. Ndinati mumtima, awa atenga ufa wa masabata awiri onse, poti alibe womusiyira.

Ku Chiromo kunali kotentha ngati m'chipinda chowumitsira tiyi. Pa siteshoni ndi m'mbali mwa mtsinje munali anthu ambirimbiri ochokera kumapiri kwathu kuno, ongokhala, akudikira chimene sankachidziwa. Boti tinalipeza pansi pa chisakasa, matabwa atauma mpaka dzuwa linkaonekera m'ming'alu. Ndinagwira ntchito ngati wamisala, kukhomera thonje m'ming'alu ndi kumata phula. A Mulipa ndi anthu a pa doko anakweza injini n'kuikhazika pa mitanda yake iwiri.

Mundilole ndifotokoze pang'ono, chifukwa nkhani yonse yagona apa. Kumbuyo kwa injini kuli mbale yachitsulo. Kuchokera pamenepo pali shafti, chitsulo chachitali chimene chimatulukira pansi pa boti n'kukazunguza pulopela, chija chamapiko chopalasa madzi. Shaftiyo nayo ili ndi mbale yake. Mbale ziwirizi zimayenera kukumana nkhope ndi nkhope, ndipo mabawuti anayi amazimanga pamodzi. Zikakumana mopendama, ngakhale pang'ono chabe, shafti imapindika pozungulira, imatentha, imadya pobowo potulukira, madzi n'kuyamba kulowa, mapeto ake imathyoka.

Apa m'pamene ndinaona ntchito ya mapepala a fodya aja. A Mulipa ankakankha mbale ziwirizo kuti zigundane, opanda bawuti, n'kulowetsa pepala pakati: pamwamba, pansi, kumanja, kumanzere. Pepala likagwidwa pamwamba koma pansi n'kumasewera, ndiye kuti sizinagwirizane. Ankatukula mwendo wa injini ndi chitsulo, n'kuika pansi pake kachidutswa ka lata kopyapyala kamene ndinkawadulira ku debe la parafini. Kenako ankazunguza shafti pang'ono n'kuyambiranso. Pofika tsiku lachitatu madzulo pepala linkagwidwa mofanana mbali zonse zinayi.

"Basi, amisiri, mangani tizipita," ndinatero.

"Mawa tiliika m'madzi," anatero a Mulipa. "Likamwe kaye."

"Limwe masiku angati?"

"Lidzatiuza lokha."

Boti linalowa m'madzi likudontha paliponse, ine n'kumakapa. Matabwa anayamba kufufuma, ming'alu n'kutsekeka. Zimenezo ndinkazidziwa, ndi ntchito yanga. Chimene sindinkadziwa n'chakuti boti likamamwa madzi limasintha msana. M'mawa wotsatira a Mulipa analowetsa pepala, ndipo pansi pa mbale zija linalowa lopinda kawiri. Ntchito ya masiku atatu inali itapita. Anakonzanso. Kutacha zinali zitasunthanso.

"M'fakitale injini imakhala pa simenti, a kalipentala," anatero. "Simenti siyenda. Ili ndi thabwa, ndipo likudzinyolola ngati munthu amene wagona nthawi yaitali. Tikamanga lero, mawa likhala litatisiya."

Ufa wanga unatha. A Mulipa ankapita m'dambo ndi amayi a kumeneko kukazula nyika, timizu takuda ta maluwa a m'madzi, n'kudzaphika m'chitini. Ankadya akutafuna bwinobwino ngati ndi mbatata, amvekere, "Izi tinakulira ku Zambezi." Ine ndinkameza ndikuyang'ana thumba lawo lija, limene silinkamasulidwa ine ndikuona, ndipo ankalitsamira pogona. Ndinatsimikiza kuti nkhalambayi ikudya ufa mobisa. Ndinawada, ndisaname.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri munthu wa kwathu anatsika sitima n'kundiuza kuti pa laini yathu aika ana awiri. Mayina sankawadziwa. Masana amenewo a Mulipa atapita ku nyika, ndinalowa m'boti. Ndinayang'ana mbale zija. Mpata wake unali wochepa kuposa chikhadabo. Ine amene ndakhala ndikukoka matabwa opotoka ndi kalampa, chitsulo chopanira, mpaka atagonja, kampata aka kandiletse kukaona mwana wanga? Ndinalowetsa mabawuti onse anayi, ndinatenga sipanala, ndinawonjezera paipi kuti ikhale yaitali, n'kukoka ndi mphamvu zonse zimene nyika inandisiyira. Mbale zinagwirana gwa, mpata n'kutheratu.

A Mulipa atabwera ndinawauza monyada kuti zagwirizana zokha. Anagwada, anagwira shafti ndi manja awiri n'kuizunguza. Inayenda theka, n'kulimba. Anaizunguzanso, inalimbanso pomwepo. Anatenga sipanala n'kumasula. Bawuti lomaliza litatuluka, mbale zinabwerera m'malo mwake ndi kaphokoso kakuti the, mpata uja uli pomwepo. Bawuti limodzi linali litapindika, mazinga ake ataphwanyika.

Ndinayamba ine kukalipa, monga amachitira munthu wolakwa.

"Inu mulibe mwana! N'chifukwa chake mukusewera ndi timapepala anthu akufa. Mukudya ufa wanu m'thumbamo, mukhuta, mudikira. Wanga akufa, mwamva?"

Ndinkayembekeza kuti andilembera kalata kwa Fulumira, ndipo ntchito ndi phoso zithera pomwepo.

"A kalipentala," anatero, "thabwa mukalikakamiza limakukhululukirani. Chitsulo chimavomera pamaso, koma chimasunga mangawa. Chikanatidikira tili pakati pa Shire, matumba ali m'boti, ng'ona zili m'mbali. Pamenepo Esinati akanadya chiyani?"

Anayenda wapansi kupita kwa amisiri a njanji kukapempha bawuti, ndipo analipeza tsiku lotsatira, lalitali, lofunika kudula ndi kupala. Tsiku lathunthu linatayika chifukwa cha manja anga. Kwa Fulumira sanandinenere, tsiku limenelo ngakhale pambuyo pake.

Tsiku lakhumi pepala linagwidwa monga linagwidwira dzulo lake. Boti linali lakhuta. Ndinatambasula dzanja kuti ndiwapatse mabawuti, koma anapukusa mutu.

"Likasenza matumba lidzapindanso msana. Tiliyese litalemedwa."

Ku Chiromo mwala ndi wosowa, ndipo masaka opanda kanthu oti tithiremo mchenga anthu anali atavala. A Mulipa anakwera pamtunda pamene panakhala anthu anjala aja, anavula chipewa n'kuwomba m'manja.

"Amayi ndi abambo, ndikupempha thupi lanu. Boti ili litenga matumba khumi ndi asanu. Mundikhalire m'menemo ngati matumba, ndiyese chitsulo changa. Tikabwerako, thumba limodzi ndi lanu. Za kwa mzungu ndikayankha ndine."

Anthu anayang'anana. Anawasankha akuwayeza ndi maso, awiri pa thumba limodzi, ena atatu. Anawakhazika mmene matumba adzakhalire, ambiri pakati, ochepa kutsogolo. Mayi wina wachikulire, nthiti zili pamtunda, anaseka mpaka kutsokomola.

"Chaka chonse chino palibe anandiuzapo kuti ndine wolemera. Ambuye akudalitseni, achimwene!"

Boti lonse linaseka, n'kugwedezeka.

"Tsopano matumba saseka," anatero a Mulipa. "Khalani phee."

Sindidzaiwala zimenezo. Anthu oposa makumi atatu, dzuwa lili pamutu, ali chete ngati m'tchalitchi, maso onse ali pa kapepala ka fodya m'zala za nkhalamba yogwada m'madzi a pansi pa boti. Pamwamba. Pansi. Kumanja. Kumanzere. Mpata unali utatseguka pamwamba. Anandiuza kuti ndidule timalata tiwiri, ndinatukula injini, anatiika pansi pa miyendo yakutsogolo. Anazunguza shafti, anayesanso. Manja awo ankanjenjemera, ndipo ndinadabwa kuti munthu wodya ufa akunjenjemera bwanji. Koma pepala likafika pa chitsulo, zala zinkaima nji.

Kenako anandipatsa pepalalo.

"Yesani inu."

Ndinalilowetsa mbali zonse zinayi. Paliponse linkatuluka likukoka pang'ono, mofanana ndendende. Mabawuti analowa ndi zala zokha. Atamanga, ndinazunguza shafti ndi dzanja limodzi, ndipo inayenda ngati ili m'mafuta.

"Chagwirizana," anatero a Mulipa. Aka kanali koyamba kuwamva akutchula mawu amenewo.

Tinatsika Shire ndi mwamuna wina wa kumeneko wodziwa njira. Pobwerera, boti litadzaza, madzi a mvula akutikankha pachifuwa, injini inalira tsiku lonse osasintha mawu. A Mulipa anaika kapu ya madzi pa bokosi la injini, ndipo madziwo sanatayike. Nthawi ndi nthawi ankagwira potulukira shafti n'kundiitana kuti ndigwirenso. Panali pozizira. Pa doko la Chiromo anamasula thumba limodzi, n'kugawira matumba awo amoyo aja, mayi woseka uja poyamba.

Febuluwale

Ine ndinakwera sitima ndi matumba oyamba. A Mulipa anatsala kuti boti lipitenso, ndipo linapita maulendo ambiri mwezi wonsewo popanda kumasula bawuti ndi limodzi lomwe. Kuyambira pa Khonjeni mpaka ku esiteti ndinakhala pamwamba pa matumba mu lole, ndikuona chimanga cha m'minda chitayamba ngayaye, mtima uli m'mwamba. Masiku anali atakwana khumi ndi asanu. Ndinkadziwa ufa umene ndinasiya, ndipo ndinkadziwa kuti sukanakwana.

Nditakhota pa laini yathu ndinayang'ana kaye ngati pakhomo pali anthu. Panalibe. Panali Esinati yekha, atakhala pa mphasa, akukanda m'mbale ndi chala. Anali wowonda, tsitsi lofiirabe, koma atandiona analira mokweza, kulira kwa mwana wamoyo. Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo.

"Mwatha bwanji?" ndinafunsa Elube.

Anandiyang'ana modabwa. "Simukudziwa? Si munapangana?"

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi matikiti awiri. Ina inali yanga. Inayo inali yakuda ndi mafuta a makina.

"A Mulipa anabwera m'mawa wa tsiku munanyamukalo, inu mutatsogola. Anati, mlongo wanga, amuna anu akuganiza kuti ndi masiku atatu, koma ndi masabata awiri. Tengani iyi, kalaliki ndamuuza kale. Phala la mwana likhale la ufa weniweni, osasakaniza ndi nthochi."

M'thumba la a Mulipa lija munali masipanala apadera, tupa ndi nyundo. Ndinazidziwa pambuyo pake. Munthu amene ndinamunena kuti akukhuta anali atakhala masabata awiri pa nyika yokha, ndipo ndinamutukwana kuti alibe mwana pamene ufa wake unali m'mimba mwa mwana wanga. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sanandichokebe.

Epulo

Chimanga chinacha. Anthu anayamba kukazinga, kuseka, ngakhale kukangana, zimene pa njala zinali zitasowa. Apongozi anabwerera kwa Changata ndi mapazi awoawo. A Mulipa anali atabwerako ku Chiromo, malaya akuwalendewera, n'kulowanso m'fakitale ngati palibe chinachitika. Kawiri konse ndinayesa kuyamba nkhani ya tikiti ija, iwo n'kundifunsa za misomali.

Tsono ndinachita zimene kalipentala angathe. Ndinapanga mpando wa mbawa, wotsamira, ndinaupala masabata atatu. Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi tinapita kwawo, ine nditasenza mpando, Elube dengu la chimanga chatsopano, Esinati akuthamanga patsogolo.

Ndinauika pakhonde. A Mulipa anauzungulira mpandowo, anaugwedeza pang'ono, kenako ndinaona dzanja likulowa m'thumba la malaya. Anagwada, n'kulowetsa pepala la fodya pansi pa mwendo uliwonse. Pa mwendo wachinayi linadutsa.

"Sichinagwirizane," anatero.

"Ndi khonde lanu lopendama, amisiri!"

"Mwina," anatero, akuseka ndi maso. "Koma musaumenye."

Esinati anali atawagwira kale buluku. Anawerama, anamugwira m'khwapa n'kumukweza. Anamutsitsa pang'ono, n'kumukwezanso, ngati akuyeza thumba la chimanga.

"Ee," anatero. "Uyu tsopano akulemera."

Anakhala pa mpando wanga wopendamawo, mwana ali pamiyendo, ndipo ine ndinatembenukira ku minda ya tiyi kuti asaone nkhope yanga.